Mafunso ndi mayankho: kupatsa ma module a makina a m'fakitale adiresi ya IP

Tsamba lino ndi la amisiri a zamagetsi, ophunzira a m'sukulu za ntchito zamanja, ndi aliyense amene anaimapo patsogolo pa panelo, module yatsopano ili m'manja, abwana akufunsa kuti makina ayamba liti. Zitsanzo zambiri ndatenga ku zipangizo za Allen-Bradley za kampani ya Rockwell Automation ndi za Siemens, chifukwa njira za awiriwa n'zosiyana kwambiri, ndipo amene wazimvetsa zonse savutika akakumana ndi za makampani ena. Pamene buku la module yanu lasiyana ndi zimene ndalemba pano, tsatirani bukulo.

Kodi module yolumikizira ndi chiyani?

Ndi chipangizo chimene chimalowetsa PLC (kompyuta yoyendetsa makina), drive (chipangizo choyendetsa mota) kapena mulu wa ma I/O (timamodule tolandira ndi kutumiza masiginolo a makina) pa netiweki ya Ethernet. Pa ControlLogix, PLC ya Allen-Bradley, ndi khadi lolowetsa mu rack (bokosi lokhalamo makhadi), monga 1756-ENBT kapena 1756-EN2T. Pa POINT I/O, ya Allen-Bradley yomweyo, ndi 1734-AENT, imene imakhala kumanzere kwa timamodule tina tonse. Kwa Siemens ndi mutu wa ET 200SP wotchedwa IM 155-6 PN, kapena khadi la CP. PLC zambiri za masiku ano zimabwera ndi port ya Ethernet m'thupi mwake momwe, koma nkhani ya adiresi ndi yomweyi.

Pa stika ya module pali kale adiresi ya MAC. Ya IP ikufunikiranji?

Taganizani za galimoto. Nambala ya chasisi anaidinda ku fakitale ndipo galimoto imafa nayo, pomwe nambala puleti imapatsidwa galimotoyo ikafika kumene ikagwire ntchito, ndipo ikhoza kusintha. MAC ndiye chasisi, IP ndiye puleti.

MAC imakhala ndi zilembo ndi manambala 12 olembedwa awiriawiri. Asanu ndi limodzi oyambirira amasonyeza kampani imene inapanga chipangizocho: 00:00:BC ndi imodzi mwa za Rockwell, 08:00:06 ndi imodzi mwa za Siemens. IP ndi manambala anayi, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255, monga 192.168.10.21. Pulogalamu ya mu PLC ya Allen-Bradley imafunafuna module ndi IP, osati MAC, n'chifukwa chake module yatsopano iyenera kulandira IP ya imene yafayo ndendende.

Musanalowetse module mu rack, jambulani stika yake ndi foni. Pa makhadi ambiri stikayo ili m'mbali, ndipo khadi likalowa pakati pa anzake simungaiwerengenso.

Module ndangoitulutsa m'bokosi. Ili ndi adiresi yanji?

Zimatengera amene anaipanga. Ya Allen-Bradley imabwera ilibe adiresi, koma BOOTP kapena DHCP (njira zopemphera adiresi pa netiweki) ili yoyatsa, choncho ikangolandira magetsi imayamba kufuula pa netiweki kupempha adiresi, mobwerezabwereza, mpaka wina aiyankhe. Ya PROFINET, njira yolankhulirana imene Siemens imagwiritsa ntchito, imabwera ndi 0.0.0.0 ndiponso ilibe dzina, ndipo siipempha kanthu, imangodikira kuti ifunsidwe. PLC zina za Schneider Electric, monga M221 ndi M241, zikasowa adiresi zimadzipangira yoyamba ndi 10.10, manambala awiri otsalawo n'kuwatenga kumapeto kwa MAC. MAC yothera pa 01:F4 imapereka 10.10.1.244, poti F4 m'kawerengedwe ka hex ndi 244. Makampani ena amangoika adiresi imodzi pa zipangizo zawo zonse n'kuilemba m'buku. Zoterezi zilumikizeni chimodzichimodzi, chifukwa mukalumikiza ziwiri zatsopano nthawi imodzi ziyamba kulimbirana adiresi musanachite chilichonse.

Nanga tiswitchi titatu ta manambala timene tili pa module n'tachiyani?

Timeneti ndi njira yachidule kuposa zonse. Pa 1756-EN2T tili pamwamba pa khadi, ndipo mumatipotokola ndi kasikuludiraiva. Pa 1734-AENT tili kutsogolo, todina ndi chala. Mukaika nambala iliyonse kuyambira 001 mpaka 254, module imatenga adiresi ya 192.168.1 ndi nambala yanuyo kumapeto, mask yake 255.255.255.0 (za mask ndi gateway ndafotokoza kutsogoloku). Mukaika 037, ndiye kuti 192.168.1.37. Ku fakitale amazisiya pa 999, kutanthauza kuti module igwiritse ntchito adiresi imene yasunga, kapena ipemphe ngati BOOTP kapena DHCP ili yoyatsa. 888 imafufuta zonse n'kubwezera module mmene inachokera ku fakitale. Mukamaliza kufufuta musaisiye pa 888, ibwezereni pa nambala imene mukufuna.

Module imawerenga tiswitchiti pokhapokha ikamayaka. Kutipotokola iyo ili moyaka sikusintha kanthu mpaka muizime n'kuiyatsanso.

Ine njirayi ndimaikonda pa makina oima paokha, chifukwa module ikafa usiku, mmisiri wa shifiti sasowa laputopu: amangoona manambala a yakale n'kuwaika pa yatsopano. Vuto lake n'lakuti imakumangirirani ku 192.168.1 basi. Ndipo 1756-ENBT, imene ikadalipo yambiri m'mapanelo akale, ilibe tiswitchi.

Pulogalamu ya BOOTP/DHCP ya Rockwell imagwiritsidwa ntchito bwanji?

Choyamba mvetsani zimene zikuchitika pa waya. Module yopanda adiresi singatumize uthenga kwa chipangizo chimodzi, ndiye imatumiza kwa onse, ku 255.255.255.255, kudzera pa UDP port 67, uthengawo utanyamula MAC yake. Seva imene yamva imayankha pa port 68 n'kuiuza IP, mask ndi gateway. BOOTP inakhazikitsidwa mu 1985, DHCP inabwera mu 1993 kudzawonjezera pa iyo, ndipo n'chifukwa chake pulogalamu imodzi imatha kuyankha zonse ziwiri. Laputopu yanu ndi imene ikusanduka sevayo kwa kanthawi.

Ndiye yambani ndi laputopu. Zimani Wi-Fi. Port ya Ethernet ipatseni adiresi yokhazikika ya m'gulu limodzi ndi imene mukufuna kupatsa module: ngati module ikhale 192.168.10.21, laputopu ikhale 192.168.10.200 kapena ina iliyonse imene palibe akuigwiritsa ntchito, mask yofanana. Lumikizani chingwe molunjika ku module kapena kudzera pa switch yaing'ono. Zipangizo zambiri za masiku ano sizifunanso chingwe cha crossover.

Tsegulani pulogalamuyo, sankhani port ya Ethernet ikakufunsani, ndipo lembani mask ndi gateway pa Network Settings. Yatsani module. Pakapita masekondi angapo, mzere wa MAC uoneka m'bokosi la pamwamba. Apa musafulumire. Fananizani MAC imeneyo ndi ya pa chithunzi chija, manambala onse 12, chifukwa ngati muli pa switch ya fakitale pakhoza kukhala zipangizo zina zimene zikupemphanso. Dinani kawiri pa mzerewo, lembani IP, ndipo itsikira m'bokosi la pansi. Module ikapemphanso, ilandira. Yesani ndi ping, lamulo la pa kompyuta loona ngati adiresi ikuyankha.

Ping ikayankha, ntchito sinathe. Sankhani module m'bokosi la pansi lija n'kudina Disable BOOTP/DHCP, ndipo dikirani uthenga wonena kuti zatheka. Kenako tsekani pulogalamu yonse, zimani module, iyatseninso, n'kuyesanso ping. Ikayankha pulogalamu ili yotseka, pamenepo ndiye kuti adiresi yakhala yake.

Ndadikira, koma MAC sikuoneka. Chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri vuto limakhala pa laputopu, osati pa module. Firewall ya Windows kapena ya antivirus imatsekereza port 67 mwakachetechete. Wi-Fi, VPN ndi makhadi a netiweki ongopeka a VMware kapena VirtualBox amasokoneza pulogalamuyo, n'kumamvetsera khomo lolakwika. Ngati pulogalamu ili mkati mwa virtual machine, netiweki yake ikhale ya bridged, yolozedwa ku port ya Ethernet yeniyeniyo. Lembani ipconfig: mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti Windows yadzipangira yokha poti inasowa DHCP, ndipo adiresi yokhazikika ija simunaiike.

Laputopu ikakhala bwino, onani njira. Kanyale ka link kayaka mbali zonse ziwiri? Pakati panu ndi module pali router? Uthenga wopita kwa onse sudutsa router pokhapokha wina ataikonza kuti iziupititsa. Mwinanso pa netiwekipo pali seva ina ya DHCP, ngakhale karouter ka intaneti kamene wina analumikiza mu ofesi ya asupavaiza, ndipo iyo yayankha inu musanayankhe. Pomaliza, module yokhayo mwina sikupempha n'komwe, chifukwa tiswitchi tili pa nambala ina kapena inapatsidwapo kale adiresi.

Chimene chimathetsa mkangano ndi Wireshark, pulogalamu yoonetsa mauthenga amene akuyenda pa netiweki. Itseguleni pa port ya Ethernet, lembani dhcp posefa, kapena bootp ngati ndi Wireshark yakale, n'kuyatsa module. Wireshark ikaona pempho pomwe pulogalamu ya Rockwell sikuliona, vuto ndi firewall. Zonse zikapanda kuliona, module sikupempha kapena chingwe n'chakufa.

Adiresi yalowa, koma Disable BOOTP/DHCP ikukana. Nditani?

Batani limeneli siligwiritsa ntchito BOOTP. Limalankhula ndi module pa adiresi yake yatsopano kudzera pa EtherNet/IP (njira imene zipangizo za Allen-Bradley zimalankhulirana), TCP port 44818, choncho laputopu ikakhala m'gulu lina la maadiresi, kupereka adiresi kumatheka koma kuzima BOOTP kumakanika. Konzani adiresi ya laputopu n'kuyesanso. Likapitiriza kukana, lowerani ku RSLinx Classic, pulogalamu ya Rockwell yolumikizirana ndi zipangizo zake: mu RSWho dinani module ndi batani la kumanja la mouse, sankhani Module Configuration, kenako Port Configuration, ikani pa Static n'kudina Apply. Zomwezo zimatheka mu Studio 5000, pulogalamu yolembera PLC za Rockwell, mukakhala online.

Makina anayenda bwino kwa miyezi. Magetsi atazima n'kubwera, module yasowa. Zatheka bwanji?

Funso ili ndi limene lili pamtima panga kuposa ena onse. Pafupifupi nthawi zonse yankho n'lakuti amene anaika module anapereka adiresi, ping inayankha, makina anayenda, iye n'kutseka laputopu osazima BOOTP. Module imasunga adiresi yolandira motero malinga magetsi alipo. Akangozima imaiwala, ndipo akabwera imayambanso kupempha, koma laputopu imene inaiyankha ija inapita kalekale.

Mukatsegula panelo muona izi: kanyale ka NET kazima, pa kasikirini ka khadi pakuyenda mawu akuti BOOTP kapena DHCP motsatana ndi MAC, ndipo mu Studio 5000 ma module onse a kuseri kwake ali ndi chizindikiro chachikasu cha makona atatu. Palibe chapsa. Koma munthu amene sakudziwa amayamba kusintha zingwe, kenako switch, kenako kuitanitsa khadi latsopano kunja, makina ataima, katundu ali pa lamba.

M'mayiko amene magetsi sazimazima, vuto lotere limatha kubisala chaka chathunthu. Kwathu kuno, kumene fakitale imachoka pa magetsi kupita pa jenereta n'kubwereranso, limatulukira msanga, ndipo limatulukira nthawi yoipa, pamene zonse zikudzuka pamodzi ndipo aliyense akuthamangira kwake. Choncho ine sindivomera kuti module yaikidwa ngati sinazimitsidwe n'kuyatsidwanso maso anga akuona, laputopu itazulidwa. Ngati ntchitoyo akuchita ndi kontirakita, muuzeni achite zimenezi inu muli pomwepo musanasayine pepala lililonse.

A ku IT akuti seva yawo ya DHCP ikhoza kumapereka maadiresi onse. Tivomere?

Pa makompyuta a mu ofesi, inde. Pa ma I/O ndi ma drive, ine ndimakana DHCP wamba. DHCP imabwereketsa adiresi kwa nthawi yoikika, ndipo ikhoza kupereka ina mawa, pomwe PLC imafuna adiresi imene inalembedwa mu pulogalamu, osati ina. A ku IT adzanena kuti akhoza kumangirira IP ku MAC. N'zoona, koma pali mafunso awiri. Magetsi akabwera, seva ya mu ofesi imadzuka liti poyerekeza ndi module imene imadzuka m'masekondi? Ndipo module ikafa Loweruka usiku, yatsopano ili ndi MAC ina, adzalowe mu seva kukasintha ndani?

Pali njira ina imene ndimailemekeza: switch ya m'panelo momwemo kumapereka adiresi potengera port. Ma switch a Stratix 5700 amachita zimenezi, amati DHCP persistence, ndipo DHCP Option 82, ya mu 2001, inapangidwira kuti seva izidziwa port imene pempho lachokera. Chilichonse cholumikizidwa pa port 5 chimalandira adiresi ya port 5, kaya MAC ndi yanji. Kusintha module kumaphweka kwambiri. Koma zingwe ziyenera kulembedwa bwino, chifukwa munthu akasinthanitsa zingwe za ma drive awiri ofanana, ma drivewo asinthananso maadiresi, ndipo PLC idzalamula mota ina ikuganiza kuti ndi inzake.

Ndazolowera Allen-Bradley. Bwanji BOOTP sikugwira pa Siemens?

Chifukwa PROFINET imazindikira chipangizo ndi dzina, IP imabwera pambuyo. Imagwiritsa ntchito DCP, imene imayenda pa Ethernet mwachindunji popanda IP. PLC ikamadzuka imafunsa pa netiweki kuti wa dzina lakuti alipo? Chipangizo cha dzinalo chimavomera, PLC n'kuchipatsa IP imene ili mu project. Ntchito yanu ndi kupereka dzina lolondola basi.

Mu TIA Portal, pulogalamu yolembera PLC za Siemens, tsegulani Accessible devices kapena Assign device name. Pulogalamu ya PRONETA ya Siemens imachitanso zomwezo popanda kutsegula project. Muona mndandanda wa zipangizo ndi ma MAC awo. Musanapereke dzina dinani Flash LED n'kupita kukaona ndi maso kuti nyale ikuphethira pa chipangizo chiti. Pa mzere wa ma ET 200SP ofanana, kaulendo kameneka n'kofunika kuposa china chilichonse.

Dzina likhale la zilembo zing'onozing'ono, manambala, timizere ta pakati ndi madontho, lopanda mpata, ndipo lisaoneke ngati IP. Mukalemba dzina losemphana ndi malamulowa, TIA Portal imalisintha yokha kukhala lina looneka lachilendo, ndipo losinthidwalo ndi limene liyenera kulowa m'chipangizo. Ngati mu project munajambula kuti port iti yalumikizidwa ndi iti, PLC imatha kupatsa module yatsopano dzina yokha, pogwiritsa ntchito LLDP kudziwa amene yayandikana naye. Izi zimafuna kuti module ikhale yopanda dzina, monga yochokera ku fakitale. DCP nayo sidutsa router, choncho laputopu ikhale pa netiweki imodzimodziyo.

Ndili ndi module yogwiritsidwapo kale ntchito ndipo adiresi yake sindikuidziwa. Ndiyambire pati?

Izi n'zofala kwa ife amene timagula sipeya zochotsedwa pa makina ena, kapena kubwereka khadi pa makina amene aima. Ngati ili ndi kasikirini, iyatseni pa benchi, IP idziyenda yokha pamenepo. Ngati ili ndi port ya USB monga 1756-EN2T, lowerani pamenepo ndi RSLinx, IP sifunika. Pa 1756-ENBT mukhoza kuifikira kudzera mu rack, mutalowera pa PLC kapena pa khadi lina limene likugwira ntchito. Ngati ili ndi tiswitchi, 888 ifufuta zonse. Ya PROFINET ioneka mu PRONETA kaya IP yake ndi yanji, ndipo pomwepo pali pobwezera zonse mmene zinalili ku fakitale.

Zonsezi zikakanika, lumikizani laputopu ndi module ziwiri zokha, tsegulani Wireshark, sefani ndi arp, n'kuyatsa module. Zipangizo zambiri zikamadzuka zimalengeza adiresi yawo kapena kufunsa ngati wina ali nayo kale, ndipo muiwerenga pamenepo.

Chimene simuyenera kuchita n'kuilumikiza pa netiweki ya makina amene akuyenda kuti muone zimene zichitike. Adiresi imene yasunga ikhoza kukhala ya PLC yanu.

Mask ndi gateway ndilembe chiyani?

Mask imauza module kuti anzake a pafupi ndi ati. 255.255.255.0 ikutanthauza kuti onse amene manambala atatu oyamba afanana ndi gulu limodzi, ndipo mumakwana zipangizo 254, poti .0 ndi .255 sizipatsidwa kwa chipangizo. 255.255.252.0 imakwana 1022. Chofunika n'chakuti onse a gulu limodzi akhale ndi mask yofanana. Tiyerekeze HMI (sikirini ya woyendetsa makina) ili pa 192.168.11.20 ndi mask ya 255.255.252.0, PLC ili pa 192.168.10.5 ndi mask ya 255.255.255.0. HMI iona PLC ngati mnzake wa pafupi n'kuitumizira uthenga molunjika. PLC iona HMI ngati wakunja n'kufuna kuyankha kudzera pa gateway. Uthenga ukupita, yankho silikubwera, ndipo zingwe zonse zili bwinobwino.

Gateway ndi adiresi ya router imene module imadutsira ikafuna kulankhula ndi gulu lina. Iyenera kukhala m'gulu limodzi ndi module. Ngati makina salankhula ndi wina aliyense kunja, siyani 0.0.0.0. Ma I/O ambiri safuna gateway. PLC imene imatumiza manambala ku seva ya SCADA (yoonetsa mmene makina onse akuyendera) ya gulu lina imaifuna.

Maadiresi sankhani m'magulu atatu amene anapatulidwa mu 1994 kuti azigwira ntchito mkati mokha: oyamba ndi 10, oyamba ndi 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Polemba musaike ziro patsogolo. Windows imawerenga 010 ngati 8, choncho ping ya 192.168.1.010 imapita ku 192.168.1.8.

Kanyale ka NET kafiira osaphethira. Kakutanthauzanji?

Pa zipangizo za EtherNet/IP, kufiira kosaphethira kumatanthauza kuti module yapeza wina ali ndi adiresi yake. Kufiira kophethira ndi kulumikizana kumene kwaduka. Kubiriwira kophethira ndi kuti IP ilipo koma palibe akulankhula nayo, kubiriwira kokhazikika ndi kuti zonse zili bwino, ndipo kuzima ndi kuti IP palibe.

Pa adiresi yolimbirana, makhadi okhala ndi kasikirini amaonetsa mawu akuti Duplicate IP ndi MAC ya mnzake amene akulimbirana naye. Ngati palibe kasikirini, zulani chingwe cha module, chitani ping ku adiresiyo, kenako lembani arp -a. MAC imene ionekeyo ndi ya wolowererayo, ndipo manambala ake oyamba akuuzani ngati ndi kamera, printer, laputopu kapena PLC ina. Pa switch ya managed mukhoza kuona port imene MAC imeneyo ili. Mukachotsa wolowererayo, zimani module n'kuiyatsanso, chifukwa zambiri sizibwerera zokha.

Zipangizo zakale zina sizizindikira n'komwe kuti adiresi yalimbirana. Pamenepo makina amangoti kuyenda, kuima, kuyenda, popanda chifukwa chooneka. Musanapereke adiresi iliyonse, musadalire ping yokha kuti mudziwe ngati ndi yaulere, chifukwa mwini wake akhoza kukhala wozima tsiku limenelo. Onani m'kaundula.

Makina athu anachokera kosiyanasiyana ndipo onse ali pa 192.168.1. Tiwalumikize bwanji?

Umu ndi mmene zimakhalira m'mafakitale ambiri kwathu: makina odzaza achokera ku Ulaya, omata mabokosi ku South Africa, kompresa ku India kapena ku China, ndipo aliyense wopanga anaika PLC yake pa 192.168.1.10 kapena 192.168.0.1. Malinga aliyense ali payekha, palibe vuto. Tsiku limene abwana afuna kuona zonse pa sikirini imodzi, kuwalumikiza pa switch imodzi kuimitsa onse.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusintha maadiresi a makina onse, kutanthauza kusintha pulogalamu ya PLC, ya HMI, ma drive ndi mauthenga onse a pakati pawo. Ngati project mulibe, kapena ndi yokiya, njirayi yatsekeka, ndipo ikhoza kukuphwanyitsani chitsimikizo cha wogulitsa. Yachiwiri ndi NAT: kabokosi monga 1783-NATR ka Rockwell kapena SCALANCE S615 ka Siemens kamaima pakati, mkati makina n'kukhalabe ndi maadiresi awo, kunja PLC n'kumaoneka ndi adiresi ina, mwachitsanzo 10.20.3.10. Ine ndimasankha NAT pa makina ogula athunthu. Mumatulutsa kunja zokhazo zofunika, PLC ndi HMI, ma I/O n'kutsala mkati osaonedwa ndi aliyense. Kumbukirani kuti PLC ifunika gateway yoloza ku kabokosiko.

Pogula makina atsopano, tumizani kwa wopangayo maadiresi amene mukufuna asanayambe kulemba pulogalamu. Kwa iye ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Ndingasinthe adiresi makina akuyenda?

Ayi. Adiresi ikasintha, kulumikizana konse kwa I/O kumaduka pomwepo, ma output amapita pamene anaikidwa kuti azipita pakakhala vuto, ndipo ma valve ndi ma mota amatsatira. Imitsani makina, uzani oyendetsa, kiyani magetsi a mphamvu monga mwa malamulo a pamalo panu. Muganizirenso kuti mukasintha adiresi ya khadi limene inu mwalowera, mudzitsekera nokha kunja mpaka musinthe ya laputopu.

Pa ma module a chitetezo, okhudza mabatani a emergency stop ndi zitseko za makina, pali china chowonjezera. Ya CIP Safety imakumbukira PLC imene ndi mwini wake pamodzi ndi Safety Network Number, ndipo yochokera pa makina ena imafuna Reset Ownership isanavomere mwini watsopano. Ya PROFIsafe ili ndi F-address yakeyake kupatula dzina ndi IP. Mukamaliza, yesani batani lililonse ndi chitseko chilichonse munthu asanayandikire makinawo.

Wogulitsa makina akufuna kumalowa ali kunja kwa dziko. Ndiike PLC pa intaneti?

Musatsegule port pa router kuloza ku PLC. Modbus TCP pa port 502, EtherNet/IP pa 44818 ndi S7 pa 102 zinapangidwira netiweki yotsekeka, ndipo pa zipangizo zambiri zimene zili m'mafakitale, aliyense wofika pa port amatha kuwerenga, kulemba kapena kuimitsa PLC. Masamba monga Shodan amasanthula intaneti usana ndi usiku n'kumaika zipangizo zotere poyera. Gwiritsani ntchito router ya VPN yopangidwira makina, ndipo ikhale ndi kiyi kapena switch pa chitseko cha panelo, kuti wakunjayo azilowa pokhapokha inu mwamutsegulira ndipo pali munthu pafupi ndi makinawo.

Maadiresiwa ndizilemba pati?

Malo atatu. Pa chipangizo chenichenicho, kapena pa trunking pambali pake, ndi lebulo yosafufutika. Papepala la mu pulasitiki lomata mkati mwa chitseko cha panelo. Ndi mu fayilo imodzi ya fakitale yonse, imene ili ndi munthu mmodzi woiyang'anira. Pa chipangizo chilichonse lembani dzina, mtundu, MAC, IP, mask, gateway, firmware, port ya switch, ndiponso njira imene adiresi inalowera: tiswitchi, static, port ya switch kapena dzina la PROFINET. Chomalizachi n'chimene chimaiwalika kawirikawiri, pomwe n'chimene wosintha module amayamba kufuna.

Gawani manambala mwadongosolo limene munthu angaliloweze, monga gateway pa .1, ma switch kuyambira .2 mpaka .9, ma PLC pa .10 mpaka .19, ma HMI pa .20, ma I/O ndi ma drive kupitirira pamenepo, ndipo .200 mpaka .210 asiyidwire malaputopu a amisiri, kuti wobwera kudzakonza asamangotola adiresi iliyonse.

Sipeya imene ili m'sitolo ndiipatsiretu adiresi?

Ngati ndi ya malo amodzi okha, monga khadi limodzi la Ethernet la PLC yaikulu, ipatsirenitu. Chitani zimenezi pa benchi masana, zimani BOOTP, izimeni n'kuiyatsanso, onetsetsani kuti firmware yake ikugwirizana ndi imene project ikuyembekezera, kenako lembani IP ndi tsiku pa bokosi ndi pa module yomwe. Ngati sipeya imodzi ikudikira malo angapo, isiyeni mmene inachokera ku fakitale, tiswitchi pa 999 kapena yopanda dzina ngati ndi ya PROFINET, ndipo m'bokosimo ikanimo pepala la maadiresi a malo onsewo. Module imene mwaichotsa pa makina koma ikadali yamoyo, ifufuteni isanalowe m'sitolo, ndipo pa bokosi lembani kuti yafufutidwa.